Madzi a Pampopi Akakhala ndi Nitrate Wambiri: Malangizo kwa Oweta Nsomba M'thanki ya M'nyumba

Aliyense amene wayamba kuweta nsomba m'thanki yagalasi amapatsidwa langizo limodzi lomwelo, lakuti madzi akaipa achotseko ena n'kuthiramo atsopano. Langizoli ndi loona, koma limathandiza pokhapokha ngati madzi amene mukuthiramowo ali abwino kuposa amene mukuchotsawo. Alipo makomo ambiri kumene madzi a pampopi, ngakhale amaoneka oyera mbee ndiponso sanunkha kanthu, amabwera ali kale ndi nitrate (mchere wosaoneka ndi maso umene umavutitsa nsomba ukachuluka) wokwana mamiligalamu 30, 40 kapena 50 pa lita imodzi, moti mwini thanki amatha miyezi akunyamula ndowa Loweruka lililonse koma choyezera chake n'kumasonyezabe mtundu wofiira womwewo. Vuto lotere silithera m'thanki. Limathera pa madzi amene sanalowe m'thankimo, ndipo kumeneko ndi kumene muyenera kuika maganizo anu ndi ndalama zanu.

Kumene nitrate amachokera

M'thanki yokhazikika bwino, nsomba zimatulutsa ammonia kudzera m'ziwalo zake zopumira komanso m'ndowe, ndipo chakudya chotsala ndi masamba ofota zikamaola zimawonjezera ammonia yemweyo. Mabakiteriya amene amakhala m'fyuluta ndi pa miyala amasandutsa ammoniayo kukhala nitrite, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate. Ammonia ndi nitrite ndi poizoni wopha msanga, pamene nitrate ndi wofatsa kwambiri poyerekeza ndi anzakewo, ndipo n'chifukwa chake amakhala mapeto a ntchito ya fyuluta wamba. Fyuluta yotere simuchotsa, imangomupanga, choncho amaunjikana sabata ndi sabata mpaka mwini thanki atachitapo kanthu.

Nitrate wa pampopi ali ndi mbiri ina. Mlimi aliyense amaudziwa feteleza wa CAN, amene dzina lake lonse ndi calcium ammonium nitrate, ndiponso wa urea, amene akalowa m'nthaka mabakiteriya amamusandutsa nitrate. Nthaka siimugwira nitrate monga imagwirira zakudya zina za mbewu, moti gawo limene chimanga sichinadye limatsika ndi madzi a mvula kukalowa m'madzi a pansi panthaka kapena kukokolokera kumitsinje. Zimbudzi zokumba, maenje a zonyansa za m'nyumba ndi makola a ziweto zimachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake chitsime chosazama chimene chili pakati pa nyumba zothithikana chimakhala chokayikitsa kuposa madzi ochokera kudamu kapena kumtsinje waukulu. Mzinda wa Lusaka ndi chitsanzo chodziwika, popeza unamangidwa pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo zochokera m'zimbudzi zimatsika mosavuta kukafika ku madzi amene anthu amapopa. Abale athu amene ali ku Britain amakumana ndi vutoli mwa njira ina, makamaka kum'mawa ndi kum'mwera kwa England, kumene madzi ambiri amapopedwa pansi pa minda imene yakhala ikuthiridwa feteleza kwa zaka zambirimbiri.

Bungwe la World Health Organization linaika malire a mamiligalamu 50 a nitrate pa lita imodzi ya madzi akumwa, ndipo malamulo a ku Britain ndi a European Union amatsatira chiwerengero chomwecho. Malirewo anaikidwa poteteza makanda, chifukwa nitrate wochuluka amasokoneza mmene magazi a khanda amanyamulira mpweya wa okosijeni. Sanaikidwe poganizira nsomba. Madzi akhoza kukhala ovomerezeka kotheratu kwa anthu koma ali kale pamwamba pa mlingo umene oweta nsomba odziwa amafuna, umene ndi wosapitirira mamiligalamu 40, ndipo ambiri amayesetsa kukhala pansi pa 20. Tiana ta nsomba, tinkhanu ta m'madzi ndi nsomba zogwidwa kunyanja zimafuna madzi oyera kuposa pamenepo. Mbuna, utaka ndi nsomba za mtundu wa Aulonocara, zimene zimawetedwa m'mathanki padziko lonse, kwawo ndi ku Nyanja ya Malawi, kumene madzi a pamwamba ali ndi nitrate wochepa kwambiri. Nsomba zotere sizifa tsiku lomwelo zikaikidwa m'madzi a mamiligalamu 80, koma zimakula mopinimbira, mitundu yake imazilala, zimaswana movutikira ndipo matenda amazigwira msanga, pamene ndere zikusangalala pa galasi ndi pa miyala.

Yambani mwayeza, ndipo yezani bwino

Musanagule chida chilichonse, yezani madzi a pampopi pawokha, kenako muyeze a m'thanki kutatsala pang'ono kuti muwasinthe, n'kulemba ziwerengero ziwirizo m'kope pamodzi ndi tsiku. Kusiyana kwa ziwerengerozi ndi kumene kungakuuzeni ngati wolakwa ndi mpopi kapena kawetedwe ndi kadyetsedwe ka nsomba zanu. Ngati pampopi mwapeza 10 koma m'thanki mwapeza 80, mpopi ulibe mlandu, ndipo zimene mukufunika ndi kuchepetsa chakudya, kuchepetsa nsomba ndi kusintha madzi mowirikiza. Ngati pampopi mwapeza 40 ndipo m'thanki 60, ndiye kuti mbali yaikulu ya vuto mukuithira nokha ndi ndowa.

Zoyezera zamadontho ndi zodalirika kuposa timapepala toviika, koma zimanamiza munthu amene satsatira malangizo ake. Choyezera chofala cha kampani ya API chili ndi mabotolo awiri, ndipo m'botolo lachiwiri muli ufa umene umadikha n'kugwirana pansi. Botolo limenelo liyenera kukhutchumulidwa mwamphamvu kwa masekondi 30 musanadonthezemo, kenako kabotolo koyezera ka mamililita 5 kakhutchumulidwe kwa mphindi imodzi, ndipo mudikire mphindi zisanu musanayerekezere mtundu wake ndi khadi. Amene amadumpha kukhutchumula amapeza chiwerengero chotsika chimene chimawasangalatsa pachabe. Yerekezerani mtunduwo pa kuwala kwa dzuwa, kumbuyo kwake kuli pepala loyera, chifukwa babu la m'nyumba limasokoneza maso pa mitundu yofiirira. Mitundu ya 40 ndi 80 imafanana kwambiri, ndipo njira yothetsera chikayiko ndi kusakaniza gawo limodzi la madzi anu ndi gawo limodzi la madzi osungunula, monga ogulitsidwa kuti athiridwe m'batire la galimoto, n'kuchulukitsa kawiri chiwerengero chimene mwapeza. Dziwaninso kuti nitrite akakhalamo m'madzi amakweza chiwerengero cha nitrate, popeza zoyezerazi zimayamba zasandutsa nitrate kukhala nitrite kuti zimuone, choncho thanki yatsopano imene mabakiteriya ake sanakhazikike imapereka zotsatira zosokonekera.

Pali msampha wina wa ziwerengero umene wagwetsa anthu ambiri. Malipoti ena a madzi, makamaka a ku United States, sawerengera nitrate yense koma nayitirojeni yekha amene ali mkati mwake, ndipo amalemba kuti nitrate-N. Kuti mupeze nitrate weniweni muyenera kuchulukitsa chiwerengerocho ndi 4.4, moti malire a ku America a mamiligalamu 10 a nitrate-N ndi ofanana ndi mamiligalamu pafupifupi 44 a nitrate. Munthu akhoza kuwerenga lipoti lonena kuti 9 n'kuganiza kuti madzi ake ndi abwino, chonsecho choyezera cha kuthanki chikusonyeza 40, ndipo zonse ziwiri zikunena zoona. Zilembo za ppm zimene zili pa khadi la choyezera ndi zofanana ndi mamiligalamu pa lita.

Kuyeza kamodzi sikukwanira. Madzi a pachitsime ndi pamjigo amasintha ndi nyengo, ndipo nthawi imene mvula yakhazikika minda itathiridwa feteleza ndi imene muyenera kukhala tcheru kwambiri. Nawonso mabungwe ogawa madzi nthawi zina amasakaniza madzi ochokera malo osiyanasiyana, moti mpopi womwewo sutulutsa madzi ofanana chaka chonse. Ngati mwapeza kuti madzi anu akupitirira mamiligalamu 50, nkhaniyo si ya nsomba zokha ayi. Musawagwiritse ntchito pokonzera khanda mkaka wa m'chitini, ndipo dziwitsani amene amakugawirani madziwo kapena a zaumoyo a m'dera lanu.

Masamu amene amasonyeza malire a ndowa

Tiyerekeze kuti nsomba zanu zimawonjezera mamiligalamu 10 pa lita sabata iliyonse, ndipo mpopi wanu uli ndi 40. Mukamasintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, thanki idzakhazikika pa 80 tsiku losinthira likamafika. Mukalimbikira n'kumasintha theka, idzakhazikika pa 60. Ngakhale mutamasintha madzi onse, chimene si chanzeru, simudzatsika pansi pa 40, chifukwa chiwerengero cha pampopi ndicho pansi penipeni pa thanki yanu. Koma mukatsitsa madzi othiramowo kufika pa 20, kusintha theka komweko kudzakhazikitsa thanki pa 40, ndipo mukatsitsanso zimene nsomba zimapanga kufika pa 5, mudzakhala pa 30. Lamulo lake ndi lakuti mutenge zimene thanki imapanga pa sabata, muzigawe ndi gawo la madzi limene mumasintha, n'kuphatikizapo chiwerengero cha madzi othiramowo. Ndimakonda masamu amenewa chifukwa amamuuza munthu pamene thukuta lake lingapindule, asanathyoke msana ndi ndowa.

Njira zimene sizithandiza

Kuwiritsa madzi sikuchotsa nitrate, ndipo kumangomuchulukitsa, chifukwa nthunzi imachoka iye n'kutsala. Kusiya madzi m'ndowa usiku wonse kumathandiza kuti klorini auluke, koma nitrate sauluka. Mankhwala ochotsa klorini ndi ofunika pa ntchito yawo, koma nitrate samuchotsa, ndipo ngakhale amene amalembedwa kuti amamufoola, choyezera chidzamupezabe m'madzimo. Makala osefera amagwira fungo, mtundu ndi zotsalira za mankhwala, osati nitrate. Makina ofewetsa madzi a m'nyumba, amene amachotsa calcium ndi magnesium n'kuikamo sodium, nawonso samukhudza. Onjezani pamenepo nkhani ya chloramine, mankhwala amene mabungwe ena amathira m'malo mwa klorini wamba. Iyeyu sauluka madzi akangokhala, ndipo akaphwanyidwa ndi mankhwala ochotsa klorini amasiya ammonia pang'ono, amene fyuluta yanu imamusandutsa nitrate wina.

Kukonza madzi asanalowe m'thanki

Njira yachindunji ndi kusakaniza madzi a pampopi ndi madzi ena opanda nitrate. Simufunika kutaya mpopi kotheratu, chifukwa madzi ake ali ndi mchere wa m'nthaka umene nsomba zimafuna, ndipo kusakaniza theka kwa theka kumadula nitrate pakati. Funso ndi lakuti madzi enawo muwatenge kuti.

Madzi a mvula ndi otchipa kuposa onse, ndipo kwa amene amakhala kumene mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, mgolo wa pulasitiki wa malita 200 umadzaza ndi mvula imodzi yabwino. Mvula yoyamba isiyeni itsuke denga, chifukwa imabwera ndi fumbi la chilimwe chonse, mwaye ndi zitosi za mbalame, ndipo ngakhale pakati pa dzinja ndi bwino kutaya madzi a mphindi zoyambirira. Denga la malata atsopano kapena a dzimbiri likhoza kusungunulira zinc m'madzi, ndipo zinc ndi poizoni kwa nsomba ndi tinkhanu, choncho kumene kuli kotheka ndi bwino kutchera madzi pa pepala la pulasitiki loyera lotambasulidwa pabwalo. Mgolo ukhale woti sunasungirepo mafuta, sopo kapena mankhwala a mbewu. Sefani madziwo pa makala osefera, ndipo mgolowo uzikhala wovundikira nthawi zonse kapena womangidwa neti pakamwa, kuopera kuti pofuna kusamala nsomba mungawete udzudzu pakhomo. Kuipa kwa madzi a mvula n'kwakuti amatha pamene mukuwafuna kwambiri, m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, moti amene akuwadalira ayenera kuwerengera malita a chaka chonse osati a mwezi umodzi.

Makina a reverse osmosis, amene ambiri amangowatchula kuti RO, amakankha madzi kudutsa pa kansalu kothina kwambiri kamene kamatsekereza pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi. Amachotsa gawo lalikulu la nitrate koma osati yense, ndipo ofuna madzi oyereratu amawonjezera kumapeto kwake kabotolo ka timibulu totchedwa DI, timene timagwira zosungunuka zotsala. Makinawa ali ndi zofuna zake zimene ogulitsa satchula kawirikawiri. Amafuna madzi othamanga ndi mphamvu ya pafupifupi ma bar atatu, ndipo kumene mpopi umangodontha pamafunika pampu yowonjezera, imene imafunanso magetsi. Amatayanso madzi ochuluka, kawirikawiri malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yabwino, choncho paipi ya madzi otayikawo ilozetseni kudimba kapena kumgolo wochapira. Masefa a kutsogolo ayenera kusinthidwa pa nthawi yake, chifukwa klorini akadutsa amawononga kansalu kaja, ndipo kachida koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi, kadzakuuzani kansaluko kakayamba kutopa. Amene ali ndi thanki yaing'ono akhoza kungogula madzi a RO m'zigubu kumalo odzazitsira madzi akumwa, koma awayeze kaye, popeza si madzi onse a m'botolo amene anadutsa pa makina otere, ndipo a pakasupe akhoza kukhala ndi nitrate wawo.

Njira yachitatu ndi timibulu ta resin tosankha nitrate, timene timaikidwa m'botolo lolumikizidwa ku mpopi kapena m'kathumba m'fyuluta. Timibuluti timagwira nitrate n'kutulutsa chloride m'malo mwake, ndipo ubwino wake ndi wakuti sititaya madzi komanso sitichotsa calcium ndi magnesium. Tikadzaza, timene tinapangidwa kuti tizibwezeretsedwa timaviikidwa m'madzi a mchere wambiri wopanda ayodini, kenako n'kutsukidwa bwino. Madzi azidutsa pang'onopang'ono kuti timibulu tipeze mpata wogwira ntchito, ndipo muziyeza otulukawo nthawi iliyonse, chifukwa resin satopa mooneka ndi maso. Onetsetsani kuti mwagula wolembedwa kuti ndi wosankha nitrate, popeza resin wamba amakonda sulphate kwambiri, ndipo akadzaza amatha kulavula nitrate amene anagwira kale, madzi otuluka n'kukhala oipa kuposa olowa. Kwa munthu woweta mbuna, amene amafuna madzi olimba, okhala ndi calcium ndi magnesium wambiri, ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yoyenera kuposa RO, malinga ngati timibuluto tikupezeka mosavuta kumene ali.

Pa madzi a mvula ndi a RO pali chenjezo limodzi limene siliyenera kudumphidwa. Madzi amenewa alibe mchere wa m'nthaka, ndiponso alibe mphamvu yoletsa kugwa kwa pH, muyezo umene umatsika asidi akachuluka m'madzi. Ntchito ya mabakiteriya a m'fyuluta imatulutsa asidi tsiku ndi tsiku, ndipo m'madzi opanda carbonate, mchere umene umafoola asidiyo, pH ikhoza kugwa mwadzidzidzi, mabakiteriya n'kufooka, nsomba n'kufa m'thanki imene nitrate wake ndi wotsika bwinobwino. Nsomba za ku Nyanja ya Malawi zinazolowera pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, choncho kwa izo ngoziyi ndi yaikulu kuposa ya nitrate imene mumathawa. Soda wophikira yemweyu, amene amayi amathira m'therere, ndi amene amabwezeretsa carbonate, ndipo supuni yaing'ono imodzi, ya magalamu pafupifupi 6, imakweza KH, muyezo wa carbonate m'madzi, ndi madigiri anayi m'malita 50. Mchere wa Epsom umabwezeretsa magnesium, pamene zigoba za nkhono zophwanya kapena mchenga wa aragonite zoikidwa m'fyuluta zimasungunuka pang'onopang'ono n'kupereka calcium. Soda ndi mchere wa Epsom zisungunulidwe mumgolo, madziwo ayezedwe, kenako alowe m'thanki. Musathire ufa mwachindunji pamene pali nsomba. Amene akuweta nsomba za m'madzi ofewa, monga neon tetra ndi discus za ku South America, ali ndi mwayi pamenepa, chifukwa kusakaniza kumawapatsa madzi amene nsomba zawo zimakonda kale.

Zomera

Chimene ife timachiona ngati litsiro, kwa chomera ndi feteleza, ndipo zomera zokula msanga ndi zimene zimadya kwambiri. Hornwort ndi Vallisneria, zimene zimameranso mwachilengedwe m'malo osaya a Nyanja ya Malawi, ndi zolimba ndipo zimapirira madzi a pH yokwera. Zoyandama pamwamba zimaposa zomira chifukwa zimapeza kuwala kokwanira ndi mpweya wa mumlengalenga. Zomera zokula pang'onopang'ono monga Anubias ndi Java fern n'zokongola ndithu, koma pa nkhani ya nitrate thandizo lake ndi lochepa. Kumbukirani kuti nitrate amachoka m'thanki pokhapokha mukadula zomerazo n'kuzichotsa, chifukwa tsamba likaolera momwemo limabweza zonse zimene linadya.

Mbuna zimadya ndi kuzula zomera, ndipo pamenepa pamathandiza zomera za pamtunda zimene mizu yake yokha ndi imene imalowa m'madzi. Pothos, duwa loyanga lija la masamba ooneka ngati mtima limene limapezeka m'nyumba ndi m'maofesi ambiri, limamera mizu msanga likaikidwa kumbuyo kwa thanki kapena m'bokosi la fyuluta, masamba ali kunja. Kholowa amachitanso chimodzimodzi, ndipo mphukira ya mbatata yoviikidwa tsinde lokha imatulutsa mizu yoyera yambiri m'masabata ochepa ngati ili pamalo owala. Musamize mbatata yeniyeniyo, chifukwa ikaola imaipitsa madzi.

Pali mfundo ina imene imakhumudwitsa oyamba kumene. Zomera zambiri za m'madzi zimakonda ammonia kuposa nitrate, ndipo zimayamba zadya iyeyo. Zimenezi n'zabwino chifukwa ammonia amene wadyedwa sasandukanso nitrate, koma zikutanthauza kuti m'thanki yodzaza nsomba zomera zimangochepetsa nitrate watsopano, osafika pa amene anabwera ndi mpopi. Njira yozembera vutoli ndi kukhala ndi mgolo wapadera wopanda nsomba, wodzaza madzi a pampopi ndi zomera zoyandama kapena kholowa, woikidwa pamalo owala kwa sabata imodzi kapena awiri. Mmenemo mulibe ammonia, choncho zomera zimakakamizika kudya nitrate, ndipo choyezera chidzakuuzani tsiku limene madziwo apsa. Njirayi imafuna malo ndi kuleza mtima osati ndalama, ndipo nayonso imafuna neti ya udzudzu. Namasupuni amadya nitrate mwamphamvu kwambiri, koma aliyense amene anaona mmene amatsekera mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula akudziwa chifukwa chake sayenera kuseweretsedwa. Chomera chilichonse chochokera m'thanki kapena mumgolo chiumitsidwe padzuwa n'kukwiriridwa, osati kutayidwa m'ngalande.

Kuchepetsa zimene thanki imapanga yokha

Munthu amene mpopi wake uli kale pa 40 alibe mpata wowononga. Chakudya chilichonse cholowa m'thanki chimathera ku nitrate, kaya chadyedwa kapena ayi, choncho perekani chimene nsomba zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo nsomba zazikulu sizivutika zikagona ndi njala tsiku limodzi pa sabata. Oweta mbuna amakonda kudzaza thanki dala kuti nsomba zisamenyane kwambiri, koma nzeru imeneyi imadalira kusintha madzi ambiri ndi madzi oyera, ndipo kwa amene alibe madzi otero ndi bwino kusankha mitundu yofatsa n'kuweta zochepa. Posintha madzi, yamwani ndi paipi zinyalala za pakati pa timiyala ndi pansi pa miyala ikuluikulu. Masiponji a m'fyuluta muziwafinya m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki, osati pampopi pamene klorini angaphe mabakiteriya, chifukwa litsiro lokhala m'fyuluta likadali m'thanki ngakhale simukuliona.

Madzi ouma ndi kutentha ndi khomo lina limene nitrate amalowera mwakachetechete. Madzi akauma nitrate amatsala, ndipo mukadzazira ndi a pampopi mukuwonjezera wina popanda kuchotsa kalikonse. M'nyengo yotentha thanki yosavundikira imataya malita angapo pa sabata, choncho ivundikireni, ndipo podzazira gwiritsani ntchito madzi a mvula kapena a RO okhaokha, osasakaniza ndi soda, popeza mchere nawonso sunauluke.

Alipo mabakiteriya ena amene amasandutsa nitrate kukhala mpweya wa nayitirojeni, koma amagwira ntchito pamalo opanda okosijeni okha, monga pansi pa mchenga wozama kapena m'zida zapadera zodutsitsa madzi modontha pa timibulu ta sulphur. Oweta nsomba za m'nyanja zamchere amazigwiritsa ntchito, koma kwa woyamba kumene sindingazilimbikitse. Zimatenga masabata ambiri kuti ziyambe, ndipo madzi akathamanga kwambiri zimatulutsa nitrite, pamene akachedwa kwambiri zimatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, umene umapha nsomba. Kumene magetsi amazimazima, chida chodalira kuyenda kwa madzi kosasinthasintha ndi chovuta kuchikhulupirira.

Kusamutsira nsomba ku madzi atsopano

Mukapeza madzi abwino, musafulumire kuwathira onse tsiku limodzi. Nsomba zimene zakhala miyezi m'madzi a nitrate wokwera zinazolowera madziwo, ndipo thanki yotere kawirikawiri imakhalanso ndi pH yotsika. Kusintha kwakukulu kwadzidzidzi kumasokoneza mmene thupi la nsomba limasungira mchere ndi madzi, komanso pH ikakwera mofulumira ammonia amene anali wofatsa m'madzi a asidi amasanduka waululu. Yambani ndi gawo limodzi mwa magawo khumi tsiku lililonse kapena masiku awiri alionse, madzi atsopanowo akhale otentha mofanana ndi a m'thanki, ndipo muziyeza pH ndi KH pamodzi ndi nitrate. Pakatha masabata awiri kapena atatu mukhoza kubwerera ku ndondomeko ya kamodzi pa sabata.

Kuyambira pamenepo sungani kasakanizidwe kamodzi. Ngati mwasankha ndowa imodzi ya pampopi pa ndowa imodzi ya mvula, lembani mizere pa mgolo ndi penti kapena tepi kuti ngakhale wina wa m'nyumba akamakuthandizani asaphonye muyezo, ndipo supuni ya soda ikhale yomweyo nthawi zonse. Musinthe muyezowo pokhapokha choyezera chikasonyeza kuti mpopi wasintha, ndipo tsiku limenelo lembani m'kope chiwerengero chatsopano pambali pa chakale, kuti chaka chamawa mwezi womwewo mudzadziwiretu kuchuluka kwa madzi a mvula amene muyenera kusunga.